Kamakina ka M'chiuno: Zofunika Kudziwa Munthu Akayamba Kugwiritsa Ntchito Pampu ya Insulini

Tiyerekeze kuti tili kusukulu ina yasekondale kumene atitumiza kukayeserera kuphunzitsa, ndipo lero tikuyang'anira mayeso a Fomu 3. M'kalasi muli zii. Mwadzidzidzi kanthu kakulira m'chiuno mwa mtsikana wokhala kumbuyo, iye n'kupisa dzanja pansi pa juzi n'kuyamba kudinadina mabatani. Ambirife tingathamange kukalanda, poganiza kuti ndi foni ya likasa. Komatu kanthuko kakhoza kukhala pampu ya insulini, ndipo kukazula n'chimodzimodzi kumulanda mwanayo mankhwala amene akumusunga ndi moyo.

Mapampu otere n'ngosowa kwathu kuno, koma abale athu a ku South Africa ndi ku Britain akuwatchula kawirikawiri. Ife amene tikukonzekera kukasunga ana a eni ake m'makalasi ndi m'mahositelo tiyenera kudziwa kuti kamakinaka n'chiyani, kamathandiza bwanji, ndiponso ngozi yake ili pati.

Ntchito ya insulini m'thupi

Tikadya nsima, mbatata, mpunga kapena buledi, thupi limagaya chakudyacho n'kukhala shuga amene amalowa m'magazi. Kuti shugayo achoke m'magazi n'kulowa m'minofu kukatipatsa mphamvu, pamafunika insulini. Insulini imapangidwa m'chiwalo chotchedwa pancreas, chimene ambiri timangochitcha kapamba. Chiwalochi sichigona. Usana ndi usiku chimatulutsa insulini pang'onopang'ono, ndipo tikadya chimatulutsa yochulukirapo nthawi imodzi.

Pa matenda a shuga a mtundu woyamba, chitetezo cha m'thupi chimawononga maselo opanga insulini. Matendawa nthawi zambiri amayamba munthu ali mwana kapena wachinyamata, ndipo sabwera chifukwa chodya maswiti kapena kumwa tiyi wotsekemera. Munthu wotere amafunika insulini tsiku lililonse kwa moyo wake wonse. Mtundu wachiwiri, womwe ndi wofala kwambiri pakati pa akuluakulu, ndi wosiyana: thupi limapanga insulini koma silimvera bwino, ndipo ambiri amathandizika ndi kadyedwe koyenera, masewero olimbitsa thupi ndi mapiritsi, ngakhale ena amadzafika pobaya insulini. Mapampu amagwiritsidwa ntchito makamaka ndi odwala mtundu woyamba.

Kale matenda a mtundu woyamba anali imfa basi. Zinthu zinasintha mu 1921 pamene Frederick Banting ndi Charles Best anapeza insulini ku Toronto, m'dziko la Canada. Mu Januwale 1922 mnyamata wa zaka 14, Leonard Thompson, anakhala munthu woyamba kubayidwa insulini. N'chifukwa chake tsiku loganizira matenda a shuga padziko lonse limakhala pa 14 Novembala, tsiku lobadwa Banting.

Pampuyo ndi yotani?

Pampu yoyamba, imene dokotala wa ku America Arnold Kadish anapanga m'zaka za m'ma 1960, inali yaikulu ngati chikwama chobereka kumsana. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, madokotala a pachipatala cha Guy's ku London, John Pickup ndi Harry Keen, anasonyeza kuti kamakina kakang'ono kakhoza kumalowetsa insulini pansi pa khungu mosalekeza. Masiku ano pampu imakwana m'thumba la siketi kapena kukoleka palamba.

M'kati mwake muli batire, kakompyuta kakang'ono ndi kabotolo ka insulini, kamene pamapampu ambiri kamalowa mayunitsi apakati pa 180 ndi 300. Kuchoka pakabotoloko pali kachubu kopyapyala kofika pamimba, pantchafu kapena kumtunda kwa thako. Kumapeto kwa kachubuko kuli kapulasitiki kofewa kotchedwa cannula, kamene kamalowetsedwa pansi pa khungu ndi singano. Singanoyo imachotsedwa, kapulasitiki n'kutsala, kataphimbidwa ndi pulasitala. Palibe opaleshoni imene imachitika. Mapampu ena, monga Omnipod, alibe kachubu ndipo amangomatidwa pakhungu.

Mawu awiri ofunika: basal ndi bolus

Munthu wobaya jakisoni nthawi zambiri amagwiritsa ntchito mitundu iwiri ya insulini: yokhalitsa m'thupi, ndi yogwira msanga yobaya pa nthawi ya chakudya. Pampu imagwiritsa ntchito mtundu umodzi wokha, wogwira msanga uja, koma imaupereka m'njira ziwiri potsanzira kapamba.

Njira yoyamba ndi basal, timadontho ta insulini tolowa m'thupi maola onse 24. Mlingo wake ukhoza kusiyana malinga ndi nthawi. Anthu ambiri shuga wawo amakwera m'bandakucha, choncho pampu imatcheredwa kuti izipereka yochulukirapo nthawi imeneyo. Munthu akafuna kukasewera mpira akhoza kuchepetsa mlingowo kwa maola angapo, chinthu chimene sichitheka ndi insulini yokhalitsa imene yabayidwa kale.

Njira yachiwiri ndi bolus, insulini yoperekedwa nthawi imodzi munthu asanadye kapena shuga akakwera. Apa pampu siidziwa yokha zimene zili m'mbale. Mwiniwake amayenera kuiuza kuchuluka kwa chakudya chosanduka shuga chimene akufuna kudya. Nachi chitsanzo chongopeka: dokotala wanena kuti yuniti imodzi izikwanira magalamu 10 a chakudya chotere, ndiponso kuti yuniti imodzi imatsitsa shuga ndi 3 mmol/L. Munthuyo akufuna kudya magalamu 60, ndipo shuga wake ali pa 12 pamene amafunika kukhala pa 6. Chakudyacho chikufuna mayunitsi 6, kutsitsa shugayo kukufuna mayunitsi 2, onse pamodzi 8. Pampu imawerengera masamu amenewa, n'kuchotserapo insulini imene idakali kugwira ntchito m'thupi kuchokera pa bolus yapitayo. Manambalawa amasiyana munthu ndi munthu, ndipo wowaika ndi dokotala.

Masabata oyamba

Amene amaganiza kuti akangovala pampu mavuto atha amakhumudwa msanga, chifukwa masabata oyamba ndiwo otangwanitsa kwambiri. Munthu amayamba ndi maphunziro: kuthira insulini m'kabotolo, kutulutsa mpweya m'kachubu, kulowetsa cannula, kuwerengera chakudya ndi kumvetsa tanthauzo la kulira kulikonse kwa pampu.

Kawirikawiri dokotala amayamba ndi mlingo wotsikirapo kuposa umene munthu ankabaya patsiku, chifukwa insulini yolowa pang'onopang'ono imagwira bwino m'thupi. Pafupifupi theka la mlingowo limapita ku basal. Kenako pamabwera ntchito yoyesa ngati mlingowo uli bwino. Munthu amayeza shuga kangapo patsiku, ngakhale pakati pa usiku, ndipo nthawi zina amauzidwa kuti adumphe chakudya chimodzi kuti aone ngati basal yokha ikusunga shuga pamalo amodzi. Zotsatira zake amapita nazo kuchipatala, manambala n'kusinthidwa pang'onopang'ono.

Cannula imasinthidwa pakatha masiku awiri kapena atatu, ndipo malo oikapo amasinthidwanso. Kubwereza malo amodzi kumayambitsa zotupa zolimba pansi pa khungu, ndipo insulini silowa bwino pamenepo. Manja ndi khungu ziyenera kukhala zoyera popewa zilonda. Posamba, pampu ya kachubu imatha kuchotsedwa, koma osapitirira pafupifupi ola limodzi. Imachotsedwanso munthu akamajambulidwa ndi makina a MRI.

Palinso nkhani ya mumtima. Wachinyamata amene ankabisa matenda ake tsopano ali ndi chinthu chooneka ndi chomveka, chimene amagona nacho ndi kudzuka nacho. Ena amazolowera m'masiku ochepa, ena zimawatengera miyezi, ndipo ena amabwerera ku jakisoni. Kubwererako sikulephera ayi.

Ubwino wake ndi ngozi yake

Ubwino wooneka msanga ndi kuchepa kwa singano: m'malo mobaya kanayi kapena kasanu patsiku, munthu amabaya kamodzi pamasiku awiri kapena atatu. Pampu imathanso kupereka timilingo tating'ono kwambiri, tosakwana ngakhale theka la yuniti, zimene zimathandiza ana aang'ono. Mapampu atsopano amalumikizana ndi kachipangizo komata pakhungu koyeza shuga pakangopita mphindi zochepa. Mu 2016 dziko la America linavomereza pampu ya MiniMed 670G, yomwe imawonjezera kapena kuchepetsa basal payokha potengera zimene kachipangizoko kayeza. Komabe ngakhale pamakina oterewa, munthu amayenerabe kuiuza pampu akafuna kudya.

Ngozi yaikulu imachokera pa mfundo tatchula ija, yakuti m'pampu muli insulini yogwira msanga yokha. Kachubu kakapindika, cannula ikazuka usiku, batire ikatha kapena insulini ikawonongeka ndi kutentha, m'thupi simukhala insulini ina yodalira. M'maola ochepa chabe shuga amakwera, thupi limayamba kuwotcha mafuta n'kupanga asidi wotchedwa ma ketone, ndipo munthu akhoza kudwala mwakayakaya. Zizindikiro zake ndi ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, kupweteka m'mimba, kusanza, kupuma mozama ndi kufooka. Lamulo lake n'lakuti shuga akakwera n'kukana kutsika pambuyo pa bolus, munthu ayambe wakayikira pampu: ayeze ma ketone, abaye insulini ndi jakisoni, asinthe kachubu ndi cannula, ndipo akamasanza athamangire kuchipatala. N'chifukwa chake wovala pampu amayendabe ndi jakisoni, insulini yapadera ndi batire.

Nanga kwathu kuno?

Pampu ndi yodula kwambiri, ndipo kugula sikumathera tsiku limodzi. Machubu, mabotolo ndi zoyezera zimafunika mwezi ndi mwezi, ndipo zimachokera kunja. Munthu amene wapatsidwa pampu ngati mphatso ndi m'bale wa kunja, koma alibe kopeza machubu kapena dokotala woidziwa, ali pangozi kuposa amene akubaya jakisoni mokhulupirika. Kuwerengera chakudya nakonso n'kovuta, pakuti mtanda wa nsima sukhala ndi chizindikiro cha magalamu ngati paketi ya mabisiketi, ndipo chipande cha kunyumba sichifanana ndi cha kukhitchini ya sukulu.

Choncho tisaganize kuti wopanda pampu alibe chiyembekezo. Kwa mabanja ambiri nkhondo yeniyeni ndi yopeza insulini mwezi uliwonse, kuisunga pozizira magetsi akazima, ndi kukhala ndi zoyezera shuga. Jakisoni wobayidwa pa nthawi yake, ndi mlingo woyenera, wasunga miyoyo kwa zaka zoposa 100.

Zimene mphunzitsi ayenera kuchita

Tibwerere m'kalasi muja. Mwana wa matenda a shuga, kaya ali ndi pampu kaya amabaya jakisoni, ayenera kuloledwa kuyeza shuga, kudya, kumwa madzi ndi kupita kuchimbudzi ngakhale pakati pa phunziro. Tisamupatse chilango chomumana chakudya kapena chomugwiritsa ntchito yakalavulagaga padzuwa. Mayeso asanafike, tikambirane ndi makolo ndi ahedi kuti woyang'anira mayeso adziwiretu.

Tidziwenso zizindikiro za kutsika kwa shuga, komwe ndi pansi pa 3.9 mmol/L: kunjenjemera, thukuta, njala yadzidzidzi, kusokonezeka maganizo kapena kupsa mtima kosadziwika bwino. Mwana wotere si wamwano ndipo sanaledzere. Ngati akutha kumeza, timupatse masupuni aang'ono anayi a shuga osungunula m'madzi, kapena theka la tambula ya Fanta, tidikire mphindi 15 n'kuyezanso. Ngati wakomoka, tisamuthire kanthu m'kamwa. Timugoneke cham'mbali n'kuthamangira naye kuchipatala.

Ndipo kanthu kakalira m'chiuno mwa wophunzira, tisanatambasule dzanja tiyambe tamufunsa kuti n'chiyani.