Caka Catsopano ca Anthu a ku China

Kutali kum'mawa kuli dziko lalikuru dzina lace China. Anthu a kumeneko ali ndi maphwando ambiri, koma loposa onse ndilo la caka catsopano. Boma lao linalandira mawerengedwe a masiku onga athu m'caka ca 1912, koma tsiku la phwandoli alipezabe monga anacitira makolo ao, poyang'ana mwezi. Liyamba pokhala mwezi, pakati pa 21 January ndi 20 February, ndipo licitika masiku 15.

Lisanafike tsikulo pali nchito. Asesa nyumba yonse kuti tsoka la caka cakale licoke pamodzi ndi zinyalala. Wangongole afulumira kubweza, pakuti ncamanyazi kulowa m'caka catsopano uli ndi mangawa. Pamakomo amata mapepala ofiira olembedwapo mafuno abwino. Nthano yao iti kalelo kunali cirombo dzina lace Nian, cimene cinkadza pakutha caka kudzagwira anthu ndi zoweta. Koma cinkaopa zinthu zofiira, moto ndi phokoso. Cifukwa cace m'midzi yambiri aphulitsabe tinthu ta onga usiku umenewo.

Koma cacikuru ndico cakudya ca madzulo otsiriza a caka. Anthu osawerengeka ogwira nchito m'mizinda yakutali akwera sitima ndi magalimoto kunka kwao, ena ulendo wa usana ndi usiku, kuti akadye ndi atate ndi amai ao. Kwa ambiri iyi ndiyo nthawi yokha m'caka conse yoona ana amene anawasiya ndi agogo. Pacakudyaco nsomba siisowa, cifukwa m'cinenero cao liu lakuti nsomba limveka ngati liu lakuti zotsala. Tsono saimariza yonse: asiyako ina, kuti caka cirinkudzaco cikhale ca mwanaalirenji.

Kutaca, palibe wogwira tsace, kuopa kusesera mwai kunja. Ana abvala zatsopano, nalonjera agogo ao mwaulemu, ndipo akuluwo awapatsa ndalama m'timatumba ta pepala lofiira. Pambuyo pace ayamba kuzonda abale, nyumba ndi nyumba. Tsiku la 15, mwezi uli wathunthu, ayenda m'miseu ndi nyali zokoma, ndipo phwando lithera pomwepo.

Ana inu, taonani: munthu wa ku China alolera kutha ndalama ndi kutopa panjira kuti asasowe pambale ya kwao tsiku limenelo. Akuluakulu athu anatero: cibale ndi pfupa, siciola.