Masekondi 48: chifukwa chake mizinda ina idatsitsa liwiro kufika pa 30

Mwezi wa Disembala chaka chatha ndinakwera minibasi kuchokera ku Lilongwe kupita ku Dedza, ndipo ndinakhala kutsogolo pafupi ndi adalaivala. Titafika pamsika wina wa m'mbali mwa msewu wa M1, kamtsikana kogulitsa nthochi kanangotulukira kuseri kwa lole imene inaima, n'kuyamba kudumpha msewu osayang'ana. Adalaivala anaponda buleki, matayala analira, tonse tinagwera kutsogolo. Minibasi inaima patangotsala pang'onong'ono kuti imugunde mwanayo. Amayi ena kumbuyo anangoti, "Mulungu ndi wamkulu." Kondakitala naye anati, "Adalaivala awa ndi akatswiri, mwaona nokha."

Sindikutsutsa onsewo. Koma pali chinthu china chimene ndinaona: tinali titangodutsa hampu, ndiye minibasi inali isanayambenso kuthamanga. Ikanakhala pa liwiro limene inali nalo mphindi imodzi m'mbuyomo, ukatswiri wa adalaivalawo sukanathandiza kanthu. Tiyeni tiwerengere limodzi kuti muone chifukwa chake.

Galimoto siima pomwepo

Woyendetsa akaona ngozi, pamachitika zinthu ziwiri motsatana. Choyamba, maso aone, ubongo uzindikire, phazi lichoke pamoto lipite pa buleki. Kwa munthu amene ali tcheru, zimenezi zimatenga pafupifupi sekondi imodzi. Pa sekondi imeneyo galimoto ikuyendabe pa liwiro lomwe lija, palibe chasintha. Chachiwiri, mabuleki agwire, matayala akhuzane ndi tara mpaka galimoto iime.

Tiyambe ndi sekondi yoyambayo. Kuti musinthe makilomita pa ola kukhala mamita pa sekondi, mumagawa ndi 3.6. Ndiye pa liwiro la 30, galimoto imayenda mamita 8 pa sekondi. Pa 50 imayenda pafupifupi mamita 14, pa 60 pafupifupi mamita 17.

Tsopano mabuleki. Paja m'kalasi ya Physics munaphunzira za kinetic energy, mphamvu imene chinthu chimakhala nayo chifukwa choti chikuyenda: KE = ½mv². Taonani bwino ka 2 kali pamwamba pa v ako. Kakutanthauza kuti liwiro likuchulukitsidwa ndi liwiro lomwelo. Mukawirikiza liwiro kawiri, mphamvuyo siwirikiza kawiri ayi, imawirikiza kanayi. Ntchito ya mabuleki ndi kusandutsa mphamvu yonseyo kukhala kutentha, choncho mtunda woimira nawo umawirikiza kanayi.

Tiyerekeze kuti msewu ndi wa tara wouma, matayala ndi abwino, ndipo mabuleki akuchotsa mamita 7 pa sekondi pa liwiro sekondi iliyonse. Masamu ake akutuluka motere:

Pa 30: mamita 8 oganiza, mamita 5 a buleki, onse pamodzi 13.
Pa 50: mamita 14 oganiza, mamita 14 a buleki, onse pamodzi 28.
Pa 60: mamita 17 oganiza, mamita 20 a buleki, onse pamodzi 37.

Tsono tangoganizani mwana watulukira mamita 13 kutsogolo kwa galimoto. Woyendetsa wa pa 30 aima atangofika pamapazi pa mwanayo. Nanga wa pa 50? Iyeyu afika pamene pali mwanayo phazi lake lisanakhudze n'komwe buleki. Amugunda pa 50 yathunthu. Munthu yemweyo, galimoto yomweyo, maso akuthwa omwewo. Ndipo kukagwa mvula, kapena matayala akakhala akutha, kapena woyendetsa akakhala pa foni kaya walawako mowa, manambala onsewa amakula.

Thupi la munthu lili ndi malire

Mwina mukuti, "Aaa, 50 si liwiro limenelo, ngakhale njinga yamoto ya kabaza imapitirira pamenepo." Chabwino, tiyese njira ina. Chinthu chikamagwa kuchokera pamwamba, liwiro lake limakula. Kuti chifike pansi pa liwiro la 30, chiyenera kugwa kuchokera pa mamita atatu ndi theka, ngati padenga la kalasi yanu. Kuti chifike pa 50, chiyenera kugwa kuchokera pa mamita pafupifupi 10, ngati pamwamba pa nyumba yosanjikizana katatu. Wogwa padenga la kalasi nthawi zambiri amathyoka mwendo n'kuchira. Winayo, mukudziwa kale.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu lipoti lake la 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse. Linanenanso kuti ngozizi ndizo zikupha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Msinkhu wanuwu, anzanga.

Zimene maiko ena adachita ndi masamu amenewa

Dziko la Sweden lili ndi mbiri yosangalatsa. Kale ankayendetsa kumanzere ngati ife. Pa 3 Sepitembala 1967, nthawi ya 5 koloko m'mawa, dziko lonse linasamukira kumanja. Anthu ankaopa kuti kufa anthu ambiri, koma ngozi zinatsika, chifukwa boma linatsitsa malire a liwiro kwa kanthawi ndipo aliyense ankayendetsa mwamantha. Patapita zaka ngati ziwiri, anthu atazolowera, ngozi zinabwerera pakale. Phunziro lake ndi lakuti kusamala kwa munthu kumazilala.

Mu 1997 nyumba ya malamulo ya dzikolo inavomereza ndondomeko yotchedwa Vision Zero. Maganizo ake ndi osavuta: munthu amalakwitsa, ndipo adzalakwitsabe ngakhale mumulalikire bwanji. Ndiye msewu umangidwe moti kulakwitsako kusaphe munthu. Pamene magalimoto amasakanikirana ndi oyenda pansi, liwiro likhale loti thupi lingapirire, kumene kuli cha m'ma 30. Pamene magalimoto akuthamanga kwambiri, pakati pa msewu paikidwe chotchinga kuti asawombane maso ndi maso.

Ku Netherlands kusintha kunayamba ndi makolo okwiya. Mu 1971 anthu pafupifupi 3,300 anafa pamisewu ya dzikolo, ndipo ana anali oposa 400. Makolo anayambitsa gulu lotchedwa Stop de Kindermoord, kutanthauza kuti "lekani kupha ana". M'zaka zotsatira dzikolo linamanga njira zapadera za njinga komanso misewu ya m'malo okhala anthu imene ili yopapatiza, yokhotakhota, yokhala ndi mahampu. Pamsewu wotero woyendetsa amachepetsa liwiro yekha, ngakhale palibe wapolisi.

Mzinda wa Graz ku Austria unaika malire a 30 m'misewu yake yambiri mu 1992. Brussels ndi Paris anachita chimodzimodzi mu 2021. Mu 2019, mumzinda wa Oslo ku Norway simunafe munthu woyenda pansi kapena wapanjinga ndi mmodzi yemwe pa ngozi ya pamsewu, chaka chonse chathunthu. Koma musaganize kuti aliyense amaombera m'manja. Dziko la Wales litatsitsa liwiro m'malo okhala anthu kufika pa mamailosi 20 pa ola mu Sepitembala 2023, omwe ndi makilomita 32, anthu zikwi mazana anasayina chikalata chotsutsa lamuloli.

"Nanga ku Germany?" Funso limeneli limabwera nthawi zonse kuchokera kwa anyamata okonda magalimoto. Zoona, mbali zambiri za misewu ikuluikulu yotchedwa Autobahn zilibe malire a liwiro, boma limangolangiza 130. Koma pamsewu umenewo saloleza woyenda pansi kapena njinga yakapalasa, palibe mphambano zodutsana, palibe wogulitsa nthochi, ndipo magalimoto opita ndi obwera adawalekanitsa ndi chotchinga. Woyendetsa yemweyo akangolowa m'tauni, lamulo ndi 50, ndipo m'misewu yambiri ya m'malo okhala anthu ndi 30. Choncho ngakhale Ajeremani akutsatira mfundo yomweyo: liwiro lalikulu kumene kulibe anthu, laling'ono kumene kuli anthu.

Vuto lathu kuno ndi lakuti msewu umodzi umagwira ntchito zonse. M1 ndi msewu wa malole opita kutali, komanso ndi msika, ndi njira ya kusukulu, ndi podikirira basi.

Amapindulanji wothamanga?

Tiwerengerenso kamodzi. Tinene kuti malo amsika ndi otalika kilomita imodzi. Pa 30, galimoto idutsa m'mphindi ziwiri, masekondi 120. Pa 50 idutsa m'masekondi 72. Kusiyana kwake ndi masekondi 48 basi, ochepa kuposa amene kondakitala amataya posaka chenji. Akulu akale adati kuthamanga sikufika, ndipo pano masamu akuwavomereza.

Nanga inuyo mungatani?

Ambiri mwa inu simuyendetsa galimoto, koma mumayenda pamsewu tsiku lililonse. Poti kuno magalimoto amayenda kumanzere, pamene palibe njira ya oyenda pansi muziyenda kumanja, moyang'anizana ndi galimoto zimene zikubwera. Musatulukire kuseri kwa lole kapena basi yoima, chifukwa mukumulanda woyendetsa sekondi yake ija. Usiku valani chowala. Ndipo minibasi ikamathamanga pamsika, kunena mwaulemu kuti "Adalaivala, chepetsaniko pang'ono" si mwano.

Ndikupatseni ntchito ya mawa. Nthawi yopuma, tengani mnzanu mupite pabwalo la mpira. Phazi limodzi lalikulu ndi pafupifupi mita imodzi. Jambulani mzere pansi, werengani mapazi 13, muike mwala. Bwererani pamzere, werengani mapazi 28, muike mwala wina. Kenako mnzanuyo aime pamwala woyamba, inu muime pamzere, muyang'ane pamene pali mwala wachiwiri.