Miyendo ikafooka pambuyo pa katemera, alipira ndani?

Mu minibasi ya ku Matero nkhani ya nyeleti siikutha. Wina ati katemera amapundula, kondakita ati ni bodza chabe.

Matendawo alipo, dzina lake Guillain-Barré. Chitetezo cha m'thupi chimaukira mitsempha, mapazi amachita dzanzi, kufooka n'kumakwera. Mu 1976 ku America anthu oposa 40 miliyoni anabayidwa katemera wa chimfine cha nkhumba. Pafupifupi mmodzi pa 100,000 alionse anadwala chifukwa cha iye, ndipo ambiri anasumira boma. Manje kumeneko kuli thumba la chipukuta misozi: masenti 75 pa katemera aliyense wa chimfine amalowa mmenemo. Komatu chimfine chenichenicho chimayambitsa matendawa kuposa katemera wa masiku ano.

Kuno njira yopanda khoti inabwera ndi COVAX mu 2021, ya katemera wa Covid-19 yekha, ndipo inafuna umboni wa dokotala. Ganizirani agogo a kufupi ndi nkhalango ya Lukusuzi. Chipatala chachikulu chili ku boma la Lundazi, akatswiri a mitsempha ambiri ali ku UTH. Ndalama ya basi ilibe, ndipo kakhadi ka katemera, umboni wawo woyamba, kanadyedwa kale ndi chiswe.