Chomwe chimalepheretsa mapulogalamu kuyenda pa mitundu yonse ya Linux

Makompyuta akuluakulu omwe amasunga zikalata ndi kawerengedwe ka ndalama m'mabanki ndi m'maboma ambiri amayendera pulogalamu yotchedwa Linux. Pulogalamuyi ndi yotseguka, kutanthauza kuti aliyense ali ndi ufulu woona, kusintha ndi kugawa malangizo omwe anaipangira, omwe akatswiri amawatcha source code. Ufuluwu ndiwo unabala mitundu yambiri ya Linux monga Red Hat, SUSE ndi Debian.

Vuto limagwera makampani opanga mapulogalamu a m'maofesi, monga owerengetsera malipiro. Pulogalamu yomwe yayesedwa pa Red Hat ikhoza kukana pa Debian chifukwa zigawo zomwe imadalira zimasiyana.

Pofuna kuthana ndi vutoli, bungwe la Free Standards Group linatulutsa muyezo wotchedwa Linux Standard Base m'chaka cha 2001, ndipo bungwe loona za miyezo padziko lonse la ISO linausindikiza mu 2006. Koma opanga mapulogalamu ambiri sanaulabadire. Mtundu wake womaliza, 5.0, unatuluka mu 2015.

M'malo mwake, makampani anazolowera kuyesa mapulogalamu awo pa Red Hat Enterprise Linux, yomwe ndi yolipira, moti katundu wa kampani imodzi anasanduka muyezo wa onse. Mabungwe opanda ndalama zokwanira ankagwiritsa ntchito CentOS, yaulere koma yofanana nayo.

Zinthu zinasintha mu December 2020 pomwe analengeza kuti CentOS 8 isiya kusamalidwa kumapeto kwa 2021, osati 2029 monga zinaliri poyamba. Apa mpomwe panabadwa Rocky Linux ndi AlmaLinux. Mu June 2023, Red Hat, yomwe inagulidwa ndi IBM mu 2019 pa mtengo wa madola 34 biliyoni, inasiya kuika poyera source code ya pulogalamu yake yolipira momwe inkachitira kale.

Poyankha, makampani a CIQ, Oracle ndi SUSE anakhazikitsa bungwe la OpenELA mu August chaka chomwecho kuti lizipereka source code yogwirizana ndi ya Red Hat kwa aliyense. Chodabwitsa nchakuti bungweli likutsatirabe mapazi a kampani yomwe likupikisana nayo. AlmaLinux inasankha njira ina: inasiya kufanana ndi Red Hat pa chilichonse ndipo imangoonetsetsa kuti mapulogalamu oyenda pa Red Hat aziyendanso pa iyo.

Kwa akuluakulu ogula katundu wa boma, kulemba mawu oti Linux okha m'chikalata choitanira makampani sikukwanira. Mpofunika kuti wogulitsa atchule mtundu womwe pulogalamu yake inayesedwapo komanso chaka chomwe mtunduwo udzasiye kukonzedwa. CentOS 7 inasiya kulandira zotetezera ku akuba a pa intaneti pa 30 June 2024, ndipo ofesi yomwe ikuigwiritsabe ntchito iyenera kusamuka kapena kulipira kampani ina yoisamalira.