Ndime Yodzipimira Wekha

Amene analimapo ganyu akudziwa mmene zimakhalira. Mwini munda amakupimira ndime: "Muyambire pachulu apa, mukalekezere pamtengo wa mango uwo." Mumagwirizana malipiro, kaya ndi ndalama, kaya ndi mbale ya ufa. Ukamaliza iye amayendera mizere, ndipo akapeza pamene wangokwirira udzu osauzula, amakubweza. Dzuwa likamapendeka walandira zako. N'chifukwa chake pa ganyu munthu sachedwa, ndipo sakhalitsa pamthunzi.

Kumunda kwako zinthu zimasintha, ngakhale khasu ndi lomwelo, mkono ndi womwewo. Wokupimira ndime palibe. Ukagona mpaka dzuwa kukwera, chimanga sichikukalipira. Malipiro ake ali kutali, mu Epulo kapena Meyi. Apa m'pamene pamaonekera ngati munthu amatha kudzitsogolera, chifukwa kudzitsogolera ndi kukhala mwini munda ndi waganyu m'thupi limodzi. Wopima ndime ndiwe, wolima ndiwe, woyendera mizere ndiwenso.

Katswiri wa ku America, Charles Manz, analemba za nkhani imeneyi m'zaka za m'ma 1980 pofufuza mmene anthu amagwirira ntchito popanda wowayang'anira. Zina mwa njira zimene anatchula ndi kudziikira cholinga, kudzipenyetsetsa ndi kudzipatsa mphoto. Mlimi wa ku Mchinji sangadabwe nazo.

Ndime yabwino imakhala ndi polekezera. Munthu amene amangoti "chaka chino ndisintha" ali ngati waganyu wouzidwa kuti alime mpaka atope: sadziwa ngati wamaliza kapena ayi. Koma wonena kuti "ndiziwerenga masamba asanu ndisanagone" kapena "tsiku lililonse la msika ndizisunga kangachepe ku banki m'khonde" wadziikira chulu ndi mtengo wa mango. Ndimeyo isachulukenso. Alangizi a zaulimi akamaphunzitsa njira ya Sasakawa amati njere imodzi paphando, mapando atalikirane masentimita 25 pamizere yotalikirana masentimita 75. Ukathira njere zinayi phando limodzi, zimalimbirana chakudya, zonse n'kubereka tizisononkho tating'ono. Ukafuna kusiya mowa, kuyamba bizinesi, kubwerera kusukulu ndi kumanga nyumba mwezi umodzi womwewo, wadzaza phando.

Povuta kwambiri ndi poyendera mizere, chifukwa munthu amadzikomera mtima. Udzu woonekera suvuta. Wovuta ndi kaufiti. Kaufiti amamera pansi pa nthaka, n'kudzimatirira kumizu ya chimanga, n'kumayamwa mwakachetechete. Pamene timaluwa take tofiira tikuonekera, chimanga chapinimbira kale. Zizolowezi zina zili chomwecho: kukongola pang'onopang'ono kwa akatapila, kuthera usiku pa foni, kuzengereza kuti "ndichita mawa." Pamwamba munthu amaoneka bwinobwino pamene mizu ikuyamwidwa. Wodzitsogolera amadzifunsa madzulo kuti tsiku lapita kuti, ndalama yapita kuti, ndipo amadziyankha zoona. Alimi amadziwanso kuti kaufiti amakonda nthaka yoguga, ndipo amachepa ukathira manyowa ndi kusinthanitsa chimanga ndi soya kapena mtedza. Chizolowezi choipa nachonso sichitha ndi kuzula kokha. Pamene wazulapo pamafunika kudzalapo china.

Nanga kukula kumabwera liti? Kukula ndi zokolola. Palibe amene amakoka chimanga kuti chitalike. Mlimi amapalira, kuthira feteleza ndi kubandira, chimanga n'kumakula chokha iye ali mtulo. Luso, kuleza mtima ndi kudzidalira zimabwera motero, osazimva kufika kwake. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Tili ndi chitsanzo kwathu konkuno. Pa njala ya 2001 mpaka 2002, William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala ku Wimbe m'boma la Kasungu anasiya sukulu ya sekondale chifukwa makolo ake analibe ndalama ya fizi. Apa mwini munda anachoka: panalibe mphunzitsi womupatsa ntchito, panalibe mayeso. Mnyamatayo anadzipimira yekha ndime. Ankapita ku kalaibulale ka pasukulu ya pulaimale, kumene anapeza buku lotchedwa Using Energy. Chingerezi chinkamuvuta, choncho ankatsata zithunzi. Anatola zitsulo zotayidwa, mapaipi a pulasitiki, njinga yakutha ya bambo ake ndi mitengo ya bulugama, anthu akumuseka kuti wapenga. Ali ndi zaka 14 anaimika makina amphepo amene anayatsa magetsi kunyumba kwawo. Mu 2007 anakalankhula pa msonkhano wa TED ku Arusha, ndipo mu 2014 anamaliza maphunziro pa Dartmouth College ku America. Zimenezo ndi zokolola. Kulima kwake kunachitika pamene panalibe womuombera m'manja.

Koma fanizoli lili ndi malire, ndipo tisawabise. Kudzitsogolera sikugwetsa mvula. Anthu ambiri amene amathamangira ganyu mu Januwale ndi Febuluwale, minda yawo ikulowa thengo, si aulesi. Nkhokwe yauma, ana akufuna nsima lero. Kuwauza kuti angolimbika mtima n'kuwatonza. Ngakhale Kamkwamba anafunika laibulale, anzake omuthandiza kugula zipangizo, ndi anthu amene pambuyo pake anamulipirira sukulu. Mutu umodzi susenza denga, ndipo kudziwa nthawi yopempha thandizo ndi mbali ina ya kudzitsogolera.

Komabe yang'anani m'midzi m'miyezi ya njala yomweyo ya Januwale ndi Febuluwale. Pali amayi amene amadzuka tambala woyamba, n'kuyamba apalira mizere iwiri kapena itatu m'munda mwawo, kenaka n'kusenza khasu kupita kwa mwini ganyu. Mizere itatu pa tsiku ndi yochepa, koma pa masabata awiri yapitirira makumi atatu. Anthu ambiri a m'tauni ali chimodzimodzi: tsiku lonse limathera m'munda wa abwana, lawolawo n'kaola kamodzi m'mamawa kapena usiku. Kaola kameneko palibe adzakufunseni kuti mwakagwiritsa ntchito yanji. Muzipima ndime yake usiku musanagone, khasu ligone pakhomo.