MAINA 23: M'MENE TIMU YA DZIKO ISANKHIDWIRA

Palibe nkhani imene iutsa makani m'komboni koposa ya kusankha anyamata okaimira dziko pa mpira wa miyendo. Maina akangomveka pa wailesi, munthu ali yense asanduka mphunzitsi. Wina ati, "Bwanji amsiya uje amene amwetsa zigoli sabata ndi sabata?" Mnzace ayankha, "Amtenga uyu cifukwa ngwa kwao kwa akuru a bungwe." Ambiri a ife tiyesa kuti kusankha timu ndiko kulemba maina a anthu ochuka, kuyambira pamwamba kufikira pepala litadzala. Ine ndikana maganizo amenewo, ndipo umboni wanga ndiutenga pa timu ya Zambia imene inakapikisana pa Cikho ca Maiko a mu Afrika m'caka ca 2012.

MIZERE YA M'BUKU

Nchito yanga pa mgodi nja ukalaliki, ndiye amene anzathu ena amcha mabalani. Tsiku ndi tsiku ndilemba maina a amuna otsika pansi, ndipo ndaphunzira kuti mizere ya m'buku ili yowerengeka: ukalemba dzina limodzi, pomwepo wasiya lina. Ndaonanso kuti kapitao wanzeru sadzaza gengi yace ndi anthu oboola mwala okhaokha, cinkana akhale odziwa makina cotani. Afuna woika mitengo yocirikiza denga, afuna a fosholo, afuna wokankha ngolo. Pakasowa mmodzi wa amenewa, mwala woboola aja waswa ungokhala pansi pomwepo, ndipo mwina denga ligwera onse.

Mphunzitsi wa timu ya dziko ali ndi buku lotere. Pa mpikisano wa 2012, umene unacitikira ku Gabon ndi ku Equatorial Guinea, maiko anali 16, ndipo dziko liri lonse linaloledwa kutenga osewera 23. Mwa amenewa atatu anali magoloboyi, tsono mizere yotsala ndi 20 basi. Timu yofika ku ndime yotsiriza inayenera kusewera kasanu ndi kamodzi m'masabata atatu. M'masiku otere wina abvulala, wina atopa, wina aletsedwa kusewera cifukwa ca makhadi. Cotero wosankha ayenera kudzifunsa pa malo ali onse a m'bwalo kuti, "Uyu akagwa, adzalowa ndani?" Ayeneranso kudziwa amene angathe kukhala pa benci mwezi wathunthu osadandaula ndi kuononga mitima ya anzace.

DZIKO LODZIWA KUYAMBANSO

Mpira wa Zambia unakulira m'matauni a migodi ya mkuwa. Ku Kitwe kuli Nkana, ku Chingola kuli Nchanga Rangers, ku Luanshya kuli Roan United, ndipo ku Mufulira kuli Mufulira Wanderers. Ku Mufulira komweko ndiko kunabadwira Kalusha Bwalya, amene anasankhidwa kukhala wosewera woposa onse mu Afrika m'caka ca 1988.

Dziko limeneli lidziwa kulemera kwace kwa ndandanda wa maina koposa maiko ena. Pa 27 April 1993 ndege ya asilikari imene inanyamula timu yao pa ulendo wa ku Senegal inagwera m'nyanja itangonyamuka pa Libreville, mzinda waukuru wa Gabon. Anthu onse 30 anafa, ndipo 18 mwa iwo anali osewera. Mphunzitsi Godfrey Chitalu anafera pomwepo. Kalusha anapulumuka pakuti anali ku timu yace ya PSV Eindhoven ku Holland, ndipo anayenera kukakomana ndi anzace ku Senegal. Tsono panalembedwa ndandanda watsopano wa anyamata amene ambiri kunja sanawadziwe, Kalusha nawatsogolera. M'caka ca 1994, ku Tunisia, anyamatawo anafika ku ndime yotsiriza, nagonja kwa Nigeria ndi zigoli 2 kwa 1. Kuyambira pamenepo Azambia anadziwa kuti munthu wosachuka angathe kusenza dzina la dziko.

AMENE ANALEMBEDWA

M'mwezi wa October 2011, Zambia itapeza kale malo pa mpikisano, bungwe la mpira, limene mtsogoleri wace anali Kalusha yemweyo, linacotsa mphunzitsi wa ku Italy, Dario Bonetti, ndi kuitananso Hervé Renard wa ku France. Kunatsala miyezi itatu yokha. Koma Renard sanali mlendo ai. Anaphunzitsapo timuyo kuyambira 2008 kufikira 2010, ndipo pa mpikisano wa ku Angola m'caka ca 2010 anaifikitsa ku ndime ya matimu asanu ndi atatu, kumene inagonja kwa Nigeria pa mapenate.

Posankha, Renard anayamba ndi amuna amene anawadziwa mtima. Pa golo anaika Kennedy Mweene wa Free State Stars ya ku South Africa. Kumbuyo anatenga Joseph Musonda wa Golden Arrows, mkuru wa zaka 34, pamodzi ndi Davies Nkausu wa SuperSport United. Ku TP Mazembe ya ku Lubumbashi m'dziko la Congo, mzinda winanso wa migodi, anatengako Stoppila Sunzu ndi Hichani Himoonde ochinga kumbuyo, ndi Rainford Kalaba wa pakati. Taonani nzeru pamenepa: ochinga awiri a timu imodzi, odyera pamodzi ndi kuyendera pamodzi caka conse, safunika kuphunzitsidwa kumvana. Pakati panalinso Isaac Chansa wa Orlando Pirates, ndi mnyamata watsopano Nathan Sinkala wa Green Buffaloes, timu ya asilikari ya kwao komweko. Kaputeni anali Christopher Katongo, mwana wa ku Mufulira, amene nthawi imeneyo anali kusewera ku China. A ku Ulaya anali ocepa ndithu: Emmanuel Mayuka, wa zaka 21, wa Young Boys ya ku Switzerland, ndi Chisamba Lungu wa ku Russia. Jacob Mulenga wa FC Utrecht ya ku Holland, womwetsa zigoli wodalirika, anatsala cifukwa ca kubvulala.

Munthu woyang'ana ndandanda umenewu pa pepala sakadaopa konse. Munalibe dzina limodzi la matimu akuru a ku England, Spain kapena Italy.

MBEWA ZIKACURUKA

Masewera oyamba a Zambia anacitika pa 21 January 2012 ku Bata, ndipo adani ao anali Senegal. Ndandanda wa Senegal ndiwo unali wokondweretsa anthu okonda maina. Kutsogolo anali ndi Demba Ba ndi Papiss Cissé a Newcastle United ya ku England, Moussa Sow ndi Mamadou Niang, onsewo amuna omwetsa zigoli ku matimu ao. Anthu ambiri anawaika m'gulu la oyembekezeka kutenga cikho. Koma pasanathe theka la ola Mayuka ndi Kalaba anali atamwetsa kale, ndipo Zambia inapambana ndi zigoli 2 kwa 1. Senegal inagonjanso kwa Equatorial Guinea ndi kwa Libya, monsemo 2 kwa 1, nibwerera kwao yopanda kanthu. Makolo anati mbewa zikacuruka siziika masa. Oboola mwala analipo ambiri, koma mwala sunaturuke.

Zambia inafanana mphamvu ndi Libya, zigoli 2 kwa 2, nigonjetsa Equatorial Guinea 1 kwa 0, nikhala yoyamba m'gulu lace.

DZINA LOFAFANIZIDWA

Kusankha sikutha tsiku loulutsa maina. Mpikisano uli mkati, Clifford Mulenga, mnyamata waluso amene ambiri anamkonda, anabwezedwa kwao cifukwa ca kuswa malamulo a mu msasa. Lamulo la mpikisano silinalole kuitana wina m'malo mwace, cotero timu inatsala ndi amuna 22. Ena angati mphunzitsi anauma mtima, ndipo ine sindiseka tsoka la mnyamatayo, pakuti kuona anzako alandira ulemu iwe uli kunyumba nkowawa ndithu. Koma ife a pa mgodi tidziwa kuti lamulo likalekerera mmodzi cifukwa ngwodziwa nchito, mawa onse aliyesa cabe. Otsala aja anaona kuti panalibe dzina lalikuru koposa timu. Anagonjetsa Sudan 3 kwa 0. Pa ndime ya matimu anai anakomana ndi Ghana, Mweene nagwira penate ya Asamoah Gyan, ndipo Mayuka, amene tsikulo anayambira pa benci, analowa namwetsa cigoli cimodzi cokha ca masewerawo.

TSIKU LA KU LIBREVILLE

Ndime yotsiriza inali pa 12 February 2012 ku Libreville, pafupi ndi nyanja imene inameza akuru ao zaka 19 m'mbuyomo. Masiku owerengeka lisanafike tsikulo, osewera anapita ku gombe kukaponya maluwa m'madzi.

Adani ao anali Ivory Coast, ndipo maina ao ana a sukulu omwe anawadziwa: Didier Drogba ndi Salomon Kalou a Chelsea, Yaya Touré ndi mkuru wace Kolo a Manchester City, Gervinho wa Arsenal. Timuyo inali isanamwetsedwe cigoli ngakhale cimodzi pa mpikisano wonse.

Tsono apa ndipo panaoneka phindu la mizere ya m'munsi ya ndandanda. Masewera atangoyamba, Musonda anabvulala naturuka ali kulira, Nyambe Mulenga nalowa m'malo mwace. Drogba anapatsidwa penate naiponya pamwamba pa golo. Mphindi 90 zinatha, nthawi yoonjezera inathanso, popanda cigoli. Anafika pa mapenate, ndipo asanu oyamba a mbali zonse ziwiri anamwetsa. Mwa asanu a Zambia munali Felix Katongo, mng'ono wace wa kaputeni, amene analowa mocedwa kucokera pa benci, munalinso goloboyi Mweene mwini wace. Wacisanu ndi cimodzi anali Sinkala, mnyamata wa timu ya kwao uja, ndipo sanaphonye. Mweene anagwira mpira wa Kolo Touré, koma Kalaba anaphonya wace. Gervinho naye anaponya kumwamba. Potsiriza anadza Sunzu, wochinga kumbuyo, munthu amene sanalembedwe cifukwa ca kumwetsa zigoli, namwetsa. Mapenate anaponyedwa 18, ndipo Zambia inatenga cikho ndi 8 kwa 7. Pa cikondwerero Renard ananyamula Musonda m'manja kupita naye kwa anzace, pakuti sanathe kuyenda. Christopher Katongo anachulidwa wosewera woposa onse pa mpikisanowo.

Mukawerenga maina a oponya mapenate aja, muona kuti cikho cinadutsa m'miyendo ya amuna amene makani athu a m'komboni sawachula konse.

TSABOLA WAKALE

Koma ndisakunamizeni kuti pali mankhwala amodzi ogwira nchito masiku onse. M'caka ca 2013 mpikisano unacitikira ku South Africa, ndipo Renard anatenganso ambiri a amuna omwe aja. Anafanana mphamvu ndi Ethiopia 1 kwa 1, ndi Nigeria 1 kwa 1, ndi Burkina Faso popanda cigoli, naturuka pa ndime yoyamba yomwe. Paja amati tsabola wakale sawawa. Kukhulupirira anthu ako nkwabwino, koma ndandanda wa caka catha suli ngongole yoti mphunzitsi aibweze caka cino.

Ndisakunamizeninso kuti osewera ochuka ali opanda pace. M'caka ca 2015 Renard yemweyo anali mphunzitsi wa Ivory Coast, ali ndi Yaya Touré, Kolo Touré ndi Gervinho, amuna omwe anawagonjetsa ku Libreville. Drogba anali atapuma kale pa timu ya dziko. Anatenga cikho pogonjetsa Ghana pa mapenate, 9 kwa 8. Cotero bvuto silinali kuchuka kwao ai. Dzina lalikuru lipindula likapatsidwa nchito yace ndi anzace oyenera pambali pace.

Tsono abale anga, maina a timu ya kwanu akadzaulutsidwanso, musathamangire kuwerenga ochuka amene asiyidwa. Yambani mwafunsa mafunso awa: Kodi malo ali onse ali ndi munthu wace ndi womlowa m'malo? Kodi ochinga kumbuyo adziwana? Kodi alipo wamkuru wotha kuziziritsa anyamata zinthu zikabvuta? Kodi wolembedwa cifukwa ca nchito ya dzana akali ndi mphamvu lero? Mphunzitsi akalephera mafunso amenewa, mdzudzuleni ndithu, pakuti timu nja dziko lonse, si yace. Koma akawakhoza, mlekeni agwire nchito yace, cinkana wasiya mnyamata wa m'mudzi mwanu. Ndipo kwa mnyamata wosiyidwayo ndinena kuti asataye nsapato zace, pakuti ndandanda ulembedwa watsopano pa mpikisano uli wonse.