Kanyumba ka Jinja Kanagona Usiku Umodzi kwa Kanduku

Amayi anayang'ana fulawa ali m'beseni, anayang'ana mazira anayi amene ndinali nditangowatola m'chisa cha nkhuku yawo, kenako anayang'ana ine.

"Ndiye mwati mukumanga nyumba?"

"Eya amayi, nyumba. Koma yodya."

"Mmm. Sukulu imeneyi."

Anatenga khasu, ulendo wa kumunda. Linali tsiku la 23 Disembala, m'mudzi mwathu m'dera la Inkosi Kanduku ku Mwanza, nyengo imene munthu wanzeru zake amakhala ali pamzere kupalira chimanga, osati kukanda ufa ndi ana pakhonde.

Mlandu wonse unayamba ndi mwana wa achemwali anga, mtsikana wa Sitandade 7. Mwezi wa Ogasiti anaona pa foni yanga kanyumba kabulawuni, kadenga loyera, kokongoletsedwa ndi masiwiti. "Amalume, izi zimadyedwa?" Ine, ndi matama a malume wa m'tauni, ndinati zimadyedwa, ndipo pa Khrisimasi tidzamanga kathu. Ndinali ndisanaphikepo ngakhale sikono imodzi. Ndinkaganiza kuti aiwala. Mwana saiwala, ndipo paja lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane.

Zogula ndinagula ku Limbe: fulawa, majarini, jinja waufa, sinamoni, soda. Chichitireni kwacha kutsika mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chimakuyang'ana ndi diso lofiira pashelefu, ndipo fulawa ali m'gulu lomwelo, popeza tirigu wambiri amene timadya ndi wogula kunja ngakhale kuti kumapiri a Neno ndi ku Tsangano amalima. Botolo la manyuchi a m'sitolo ndinalinyamula, ndinaona mtengo, ndinalibwezera pamalo pake mwaulemu. Ku America pophika tinyumba totere amathira molasesi, madzi akuda aja otsala popanga shuga. Ife tili nawo ku Nchalo, koma ambiri amapita kukapanga ethanol, sakhala pamsika wa mayi wophika. Ndinati basi, kumudzi kuli uchi. Ndinakwera minibasi, tinadutsa Lunzu, tinawoloka Shire pa Zalewa, n'kukhotera mumsewu wa ku Mwanza, matumba a makala ali ndandanda m'mbali mwa msewu ngati asilikali.

Kusankha uchi kuja ndinkayesa umphawi, koma ndinali nditabwerera kuchiyambi kwenikweni kwa chakudyachi. Kwawo ndi ku Ulaya, makamaka ku Germany. Mumzinda wa Nürnberg akhala akuphika mikate ya uchi yotchedwa Lebkuchen kwa zaka mazanamazana. Zinawayendera chifukwa nkhalango zozungulira mzindawo zinali ndi oweta njuchi ambiri, komanso misewu ya amalonda ochokera ku Venice, onyamula jinja, sinamoni ndi tsabola za ku Asia, inkadutsa pomwepo. Pofika 1643 ophika mikateyi anali ndi bungwe lawolawo. Zomanga tinyumba zinatchuka pambuyo pa 1812, chaka chimene Jacob Grimm ndi m'bale wake Wilhelm anasindikiza buku la nthano momwe muli ya Hansel ndi Gretel. Lero ku Bergen, m'dziko la Norway, ana a sukulu amamanga mzinda wathunthu wa tinyumba totere chaka ndi chaka, kuyambira 1991.

Nthano ya Hansel ndi Gretel ndinawafotokozera amayi madzulo a pa 23 paja, tikudya nsima ya nkhwani. Njala yagwa m'dziko, m'nyumba chakudya chatha, makolo akukataya ana awo awiri m'nkhalango. Anawo akusochera, mpaka akupeza kanyumba ka makoma a buledi, denga la keke, mawindo a shuga, koma mwini wake ndi mfiti yodya ana. Pa zonse zimene ndinayankhula sabata imeneyo, iyi yokha ndi imene amayi anaimva osafunsa kawiri. Iwo anaiona njala ya 2002, anthu akudya zitsa za nthochi, ndipo ya 1949 anakula akuimva kwa makolo awo.

"Amene anapeka zimenezo anali atagona ndi njala," anatero. "Munthu wokhuta salota nyumba ya buledi."

Sindinayankhe. Disembala kwathu ndi mwezi umene nkhokwe zambiri zimakhala zikulira, ndalama yapita ku feteleza, chimanga chatsopano chili kutali. Mpunga ndi nkhuku za pa Khrisimasi anthu amazikonzekera kuyambira kalekale. Ndiye malume wafika ndi makapu atatu a fulawa oti amange chinthu chongoyang'ana.

Koma ntchito inali itayamba kale m'mawa uja. Tinasungunula theka la kapu ya majarini pamodzi ndi theka la kapu ya shuga ndi theka la kapu ya uchi, pamoto wochepa. Zitazirala tinathira dzira limodzi, kenako fulawa wosakaniza ndi masupuni awiri a tiyi a jinja, imodzi ya sinamoni, soda pang'ono ndi kamchere. Fungo litangotuluka, achemwali anaseka: "Achimwene, ana akudwala chifuwa?" Kwathu jinja ndi mankhwala. Chichokereni Covid-19 ya mu Januwale 2021, pamene nyumba iliyonse inkawiritsa jinja, mandimu ndi adyo, palibe amene amamuganizira kuti angalowe m'zotsekemera. Ndi achemwali omwewo amene analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kajumbo ka makoko a manachesi amene anayanika m'nyengo yozizira, amathira mu tiyi. Tinasinja n'kuthiramo. Ku Nürnberg amathiramo makoko a malalanje ndi mandimu. Ku Mwanza, boma la manachesi, kukanakhala kupusa kusiya.

Mtanda wotere umafuna uzizire kaye kuti usamamatire. Firiji kulibe. Tinaukulunga m'jumbo, tinauika m'kapoto, kapotoko n'kukayandamitsa m'ndowa ya madzi a pa mjigo kwa maola awiri. Chopinira chinali botolo la Fanta.

Mapulani a nyumba anajambula ndi mchimwene wake wa mtsikana uja, mnyamata wa Fomu 2 amene tchuthi chilichonse amaumba njerwa. Anadula katoni ya sopo: makoma awiri aatali, awiri a msonga, mapepala awiri a denga. Chithunzi cha pa foni anachikana. Nyumba yopanda khonde, anati, ndi ya alendo. Anawonjezera khonde. Anatichenjezanso kuti zenera ndi chitseko tiboole mtanda usanapse, monga mmisiri amasiyiratu mpata pomanga, osati kudzagumula khoma pambuyo.

Uvuni unali sefuliya yaikulu ija amabwerekana pa maliro ndi pa maukwati. Pansi pake mchenga wa kumtsinje, pamwamba pa mchenga mbale yachitsulo, sefuliyayo pa mbaula, kukamwa kwake lata, pa latapo makala amoto. Umo ndi mmene amayi a kuno amaphikira chigumu, ndipo akudziwa. Ine sindimadziwa. Khoma loyamba ndinaliika pamoto wolilima, n'kukhala pampando kudikira kuti lifiire. Vuto la mtanda wa jinja ndi lakuti ndi wabulawuni kale usanalowe pamoto, ndiye maso sathandiza. Pamene mphuno inandiuza, pansi pake panali pakuda bii, pamwamba pakadali pofewa.

"Achimwene, moto umenewo ndi wa nsima," anatero achemwali. "Tasunthani."

Anaphula makala ambiri m'mbaula n'kuwaika pa lata, pansi n'kusiya ongonyeka. Sanayang'ane wotchi. Ankangoika dzanja pamwamba pa lata, n'kununkhiza, n'kutembenuza sefuliya pang'ono kuti mbali imodzi isapse yokha. Khoma lililonse likatuluka, mnyamata uja ankaliika katoni pamwamba n'kudula m'mbali likadali lotentha, chifukwa likazirala limauma ndipo mpeni umangoliswa. Musefuliya munkalowa chidutswa chimodzi basi. Tinamaliza dzuwa litapendeka. Zotsala za mtanda tinazipinanso, tinazidula ndi kukamwa kwa kapu, n'kuziphika ngati mabisiketi wamba. Zitazirala achemwali anazitsekera m'chitini chovindikira bwino, n'kuchikweza pamwamba pa kabati pomwe ana safikira.

M'mawa wa pa 24 inali ntchito ya matope omangira. Azungu amamata ndi zoyera za dzira zopuntha pamodzi ndi shuga wosalala ngati ufa. Ife tinatsuka mtondo, tinasinja shuga wathu wa masiku onse, n'kumusefa pa kansalu. Shuga wathu ndi wofiirira, ndiye zomatirazo sizinayere ngati za pa foni. Zinatuluka mtundu wa dothi lozirira. Mtsikana uja anakhumudwa. Ankafuna chipale chofewa padenga, chinthu chimene sanachionepo ndipo ine sindinachionepo. Tinathira madontho a ndimu, tinapuntha ndi foloko mpaka mkono kuwawa, n'kuthira m'jumbo ya shuga yoboola pangodya.

Kuimika makoma kunafuna manja asanu ndi limodzi. Wina agwire, wina amate, wina achirikize ndi makapu ndi zitini. Tinadikira ola lathunthu tisanaike denga. Kenako ana analanda ntchito. Denga analifolera ndi mtedza wokazinga wong'amba pakati, njira ya kuchitseko anaiyala masiwiti, pabwalo anazika kanthambi ka mango. Ndipo poti chipale chinakanika, mtsikana uja anajambula pamakoma mizere yokhotakhota ndi timaluwa, zija amayi a m'mudzi amajambula ndi dothi lofiira, lakuda ndi loyera akamazira nyumba pokonzekera Khrisimasi. Kunena zoona, kanyumbako kanali kopendekera kumanzere. Koma kanali ka kwa Kanduku, aliyense akanakazindikira.

Mbiri inamveka. Pofika masana pakhonde panali ana oposa khumi, ena atabereka abale awo, onse funso limodzi: "Tidya liti?" Ndinalamula kuti mawa, tikaweruka ku tchalitchi. Amayi atabwera kumunda anakazungulira kamodzi, manja kumbuyo. Chimene chinawavuta sichinali kupendekera. Chinali chakuti chakudya chapsa, ana alipo, koma akuuzidwa kuti angoyang'ana. Kwa iwo chakudya sachiseweretsa, ndipo sachionetsa kwa mwana wa mnzako ngati sukumupatsa. Pamenepa, ngakhale lero, ndikuona kuti analondola ndi iwo.

Tinakaika patebulo m'chipinda chochezera, miyendo ya tebulo m'zitini za madzi kuopa nyerere. Nyerere tinazigonjetsa. Sitinaganize za mvula.

Inayamba cha m'ma 9 koloko usiku, kuchokera mbali ya ku Zobue, n'kugwa usiku wonse. Nyumba sinadonthe, dontho ngakhale limodzi silinakhudze kanyumbako. Koma m'mawa denga linali litalowa m'kati ngati msana wa bulu wokalamba, khonde litagwa chafufumimba, khoma limodzi litagona pa linzake. Shuga ndi uchi zimakoka chinyezi cha mumpweya. Ku Bergen kapena ku Nürnberg, Disembala ndi chisanu, m'nyumba amatenthetsa, mpweya umakhala wouma, ndipo kanyumba kotere kamaima milungu ingapo. Kwathu Disembala ndi dzinja, mchere womwe umanyowa m'chitini. Makoma amene dzulo ankalira ukawagogoda anali ofewa ngati chitumbuwa.

Mtsikana uja misozi inali m'maso. Agogo ake anamugwira paphewa.

"Iwe, unaonapo ndani akumanga nyumba ya zidina m'dzinja? Njerwa amaumba m'chilimwe."

Ana anaseka, koma akuluakulu sitinaseke kwambiri. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atawomba m'chigawo cha kummwera, Mwanza inali m'gulu la maboma okhudzidwa, ndipo makoma a zidina ankagwa chimodzimodzi: kumwa madzi mwakachetechete, kenako n'kugona.

Sitinadikirenso za tchalitchi. Amayi anatenga kanyumbako n'kukatulutsa pakhonde, anaitana ana a m'mudzi, n'kuyamba kugawa okha, uyu khoma, uyu chidutswa cha denga, wamng'ono kwambiri masiwiti a panjira. M'mphindi zisanu panatsala kanthambi ka mango.

Chitini chija cha pa kabati tinachitsegula masana, titatha mpunga ndi nkhuku. Mabisiketi anali gwa, akulira khrrr pakamwa, fungo la manachesi lili patsogolo, jinja akubwera pambuyo pake kukhosi. Alamu anadya anayi osayankhula. Achemwali anali kale pa masamu: fulawa wochuluka bwanji, uchi wa ndalama zingati, angatuluke angati, ndipo madalaivala a matiraki amene amagona pamzere pachipata cha Mwanza podikira mapepala angagule pa mtengo wanji. Kumeneko mpikisano ulipo, mandasi, zitumbuwa, ndi buledi wa Chipwitikizi wochokera kutsidya. Koma mandasi akagona amakhala a dzulo, pomwe izi m'chitini zimatha milungu. Anati adzayesa mu Juni, manachesi akachuluka, makoko ali ongotola. Za kanyumba anati tidzamange mu Ogasiti, ngati tikufunadi kaime.

Amayi anaviika yawo mu tiyi, anatafuna pang'onopang'ono, anatenganso ina n'kuimanga pansonga ya chitenje, ati ya anzawo a kumpingo. Tsiku lonyamuka anandiperekeza mpaka pamsewu. Minibasi itaima, ndikukweza chikwama, anandikoka malaya.

"Mazira anga aja anali anayi. Nkhuku ija inali pafupi kufungatira."